Msilikali Akatula Mfuti

Tafika m'mwezi wa Novembala, nyengo imene nazale za fodya zabiriwira m'madambo, ndipo mlimi aliyense akatuluka m'nyumba m'mamawa amayamba wayang'ana kumwamba asanalonjere mnzake, pakuti mtima wake wonse uli pa mvula yowokera. M'mwezi womwe uno, pa Lamulungu lachiwiri, dziko lathu limakhala chete mphindi ziwiri nthawi ikakwana 11 koloko, akuluakulu a boma ndi a nkhondo nayala nkhata za maluwa pa zipilala za ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, pokumbukira tsiku la 11 Novembala 1918 pamene mfuti za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zidaleka kulira ku Ulaya, ndi pokumbukira ana a dziko lino amene adapita kunkhondo osabwerako.

Amene adagwa kunkhondo ali nazo zipilala zawo, ndipo nkoyenera kutero. Koma ine lero ndifuna kunena za msilikali wa mtundu wina, amene zipolopolo zidamlambalala, nabwerera kwawo ndi miyendo yake iwiri, nakalamba pakati pathu, natsikira kuli chete ana ndi zidzukulu zitamzinga. Pakuti msilikali wotere amakhala ndi nkhondo yachiwiri yoti amenye, imene palibe amamuimbira lipenga kapena kumuveka nayo mendulo, ndiyo yotula ulamuliro ndi kukhalanso munthu wamba pakhomo pake. Ndikunena za mkulu wina amene tidamuperekeza kumanda kufupi ndi Mtunthama, m'boma la Kasungu. Dzina lake ndilisiya m'manja mwa eni mbumba, chifukwa maliro ndi a eni ake. Ndidzangomutcha monga momwe mudzi wonse unkamutchulira, kuyambira ana mpaka mafumu, kuti a Meja.

Usilikali suli mlendo m'zigwa zino. Pamene Angerezi adakhazikitsa gulu la King's African Rifles mu 1902, lija makolo athu ankati Keyala, magulu ake awiri oyamba adali a ana a Nyasaland, ndipo likulu lawo lidali ku Zomba. Iwo ndiwo adatchinga Ajeremani ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo pambuyo pawo padandandalika khamu losawerengeka la amtengatenga, amuna otengedwa m'midzi mwa lamulo la boma kudzera mwa mafumu, amene adasenza zakudya ndi zipolopolo pamutu kudutsa nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique, ambiri nafera m'njira ndi njala ndi matenda, popanda wolemba maina awo. Mwazi umenewu ndiwo John Chilembwe adaudandaula m'kalata yake nkhondo itangoyamba. Pa nkhondo yachiwiri ana a dziko lino adafika ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 adawoloka nyanja kunka ku Malaya. Amene adabwerako adadza ndi mayendedwe a pa perete m'miyendo mwawo, ndipo mukaona lero amuna a mganda atavala zoyera, masokosi ofika m'mawondo, akuponda pamodzi m'mizere mabadza akulira, dziwani kuti mukuona chikumbutso cha Keyala chimene mudzi udadzisungira wokha.

A Meja adabadwa m'masiku a chitaganya, naphunzira pa sukulu ya mishoni, ndipo ankanena okha kuti chidawakokera ku usilikali poyamba ndi mganda umenewu. Adalowa usilikali dziko litalandira kale ufulu, gulu lija litasanduka Malawi Rifles mu 1964, m'zaka zimene Graciano Matewere, Mmalawi woyamba kutsogolera asilikali a dziko lino, adali pa mpando umenewo, kuyambira 1972 kufikira 1980. Adayambira pansi penipeni, pa kupukuta nsapato ndi kuima pa geti usiku, nakwera pang'onopang'ono kufikira adatumizidwa ku sukulu ya asilikali ku Salima, kumene adatulukako ndi nyota paphewa. Za zaka zimenezo sindichulutsa mawu, pakuti moyo wa msilikali m'masiku a mtendere ndi perete, kusamutsidwa ndi kudikira.

Kudikirako kudatha pamene nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique idadula njanji zathu zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala. Inu alimi achikulire mukukumbukira chimene chidatsatira: fodya wa m'zigwa zino, amene adayenera kutsikira kunyanja pa njira yaifupi, adayamba kuzungulira pa magalimoto mpaka ku Durban, feteleza ndi mafuta nazungulira njira yomweyo pobwera, ndipo mtengo wa ulendo wautaliwo udagwera pa mlimi ndi pa mayi wogula mchere pa golosale. Chifukwa chake mu 1987, Melvin Khanga ali mtsogoleri wa asilikali, boma lidatumiza ana athu kukalonda njanji ya ku Nacala, kuchokera pa malire a Nayuchi kuloza ku Cuamba ndi kupitirira, kuti okonza njanji agwire ntchito ndipo sitima ziyambenso kuyenda. Kumeneko kudali mabomba okwirira pansi, kudali zigawenga za Renamo zobisalira sitima m'tchire, ndipo ena mwa anyamata amene adanyamuka akuimba adabwera m'mabokosi, maliro awo naikidwa mwakachetechete, pakuti masiku amenewo nkhani zotere sizinkanenedwa pa wailesi. Asilikali athu adakhala kumeneko kufikira boma la Mozambique ndi Renamo atasainirana za mtendere ku Rome mu Okutobala 1992. A Meja adali mmodzi wa iwo, ndipo ndimayesa nchoyenera kuti mlimi wa ku Mtunthama adziwe kuti mabelo ake adalondedwapo ndi mnansi wake.

Pano ndipatuke pang'ono, ndinene za amayi a kunyumba kwawo, chifukwa amene afuna kuyamika msilikali naiwala mkazi wake wangonena theka la nkhani. Mayi ameneyu adatengedwa chitengwa kuchoka pakati pa abale ake, nakakhala m'nyumba za m'barakisi pakati pa Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena ndi Angoni, kumene udindo wa mwamuna umatsata mkazi mpaka pa mpopi wotungira madzi. Ndipo pamene amuna adali ku Mozambique, iye ndiye adali bambo ndi mayi pakhomo, kugawa ndalama yochepa kuti ifike kumapeto a mwezi, kuthamanga ndi mwana wa malungo usiku, ndi kuumitsa mtima tsiku lililonse galimoto ya akuluakulu ikalowa m'mizere ya nyumba, amayi onse ataima pamakomo kuyang'ana kuti iima pa khomo la yani. Iwo amene adaona zimenezo amati pa nthawi yotero palibe ankalankhula, ndipo galimoto ikadutsa khomo lako, chimwemwe chako chinkasanganikirana ndi manyazi, podziwa kuti ikukaima kwa mnzako.

Tsono tifike pa chaka cha 1993, chimene ndimachiyesa muyeso weniweni wa asilikali a m'badwo wa a Meja. Mu Juni chaka chimenecho Amalawi adasankha pa riferendamu kuti kukhale zipani zambiri, koma Apayoniya, gulu la achinyamata a chipani cholamula, adali akadali ndi mfuti zawo, ndipo kudali kusamvana kwakale pakati pa iwo ndi asilikali. Kumayambiriro kwa Disembala Apayoniya adawombera ndi kupha asilikali ku Mzuzu, ndipo pa 3 Disembala asilikali adatuluka m'barakisi kukalanda zida m'misasa ya Apayoniya, ntchito imene idatchedwa Bwezani. Kumbukirani, omvera, kuti mkulu wa asilikali onse mwa lamulo adali Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa dziko lino la Kasungu, amene adayamba kuphunzira pansi pa mtengo wa kachere pano pa Mtunthama, namangapo Kamuzu Academy mu 1981. Kumbukiraninso kuti Apayoniya ambiri adali ana a m'midzi yathu yomwe ino, otengedwa akali anyamata ndi lonjezo la ntchito ndi luso la ulimi. Msilikali wa ku Kasungu, potumidwa pa ntchito imeneyo, ankadziwa kuti kuseri kwa mpanda umene akuuzinga kungakhale msuweni wake. Sindifuna kudzoza mafuta masiku amenewo: mwazi udakhetsedwa, osalakwa ena adafa, katundu adafunkhidwa, ndipo Apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique. Koma taonani chimene chidachitika pambuyo pake. Likulu la dziko lidali m'manja mwa asilikali, Kamuzu adali wodwala atangochitidwa opaleshoni ku Johannesburg, panalibe dzanja lina m'dziko lonse lokhoza kuwaletsa, ndipo zitsanzo za ku Ghana, Nigeria ndi Uganda, kumene asilikali adalawa mpando nakana kuutsika, zidali zodziwika kwa aliyense. Komabe iwo, atasonkhanitsa zida zija, adabwerera m'barakisi, nasiya anthu kuti asankhe okha mtsogoleri pa 17 Meyi 1994. Mzimu womwewo udaonekanso mu Epulo 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, pamene Henry Odillo ndi asilikali ake adaima pa malamulo a dziko, Joyce Banda nalumbiritsidwa pa 7 Epulo popanda mfuti kulira.

Ndanena zonsezi chifukwa ndikhulupirira kuti chimene gulu lonse lidachita pamaso pa dziko, a Meja adadzachichita okha pamaso pa mudzi, ndipo sindidziwa kuti chovuta kwambiri nchiti mwa ziwirizi. Munthu amene kwa zaka zambiri amuna amphamvu ankaimirira iye akalowa, namuchitira sawasha, mawu ake nakhala lamulo lopanda apilo, adatsika basi tsiku lina pa Mtunthama ndi mabokosi ake achitsulo, napeza kuti kuno mwini mawu ndi nyakwawa, ndipo nyakwawayo idali ya msinkhu wa mwana wawo woyamba. Ndidaona ndi maso anga tsiku limene adaitanidwa ku bwalo pa mlandu wa malire a munda. Adafika nthawi isanakwane, monga mwa chizolowezi chawo, navula chipewa akali patali, nakana mpando umene mnyamata wina adawathamangitsira, nakhala pansi pa fumbi pamodzi ndi amuna ena, ndipo itafika nthawi yawo yolankhula adaomba m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo mfumu, ine ndine mwana wanu, ndinene momwe ndidaonera." Nduna zitaunika mlanduwo zidapeza kuti mzere wawo udalowadi m'munda wa mayi wina wamasiye. Bwalo lonse lidati zii, anthu akudikira kuona ngati mkango udzuke. Iwo adaombanso m'manja, napereka nkhuku ya chindapusa tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake adapita okha ndi khasu kukabweza malire. Anyamata ena adanong'onezana kuti tsabola wakale sawawa. Koma akuluakulu amene adali pamenepo adadziwa kuti aona chinthu chosowa, munthu amene adakwera pamsana pa njovu osaiwala kuti pansi pali mame.

Pa ulimi adachita monga anansi awo, kulima fodya wa bale ndi chimanga, kumanga zigafa, kudinda mabelo pa jeke ndi kukadikira mitengo ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, zaka zina kubwerako akumwetulira, zaka zina atagwira kukamwa. Chimene chidawasiyanitsa ndi buku lawo. Inu nonse mukudziwa mmene matenanti ambiri ankakhalira m'maesiteti a Kasungu, kufikira boma lidathetsa mchitidwewo mwa lamulo mu 2021: banja lochokera ku Mulanje kapena ku Mangochi linkalandira chimanga, mchere ndi feteleza pa ngongole chaka chonse, ndipo pa tsiku lowerengera linkauzidwa kuti ngongole yadya fodya yense. A Meja ankalemba ndowa iliyonse ya chimanga pamaso pa woilandira, ndipo pa tsiku lowerengera ankaitana mwamuna pamodzi ndi mkazi wake, nawerenga bukulo mokweza, mzere ndi mzere, kuti wotsutsa atsutse. Ankati kapitawo amene adya asilikali ake asanadye sayenera nyota. Lamulo lawo lina lidali lakuti mwana wa tenanti asaoneke m'chigafa akusoka fodya belu la sukulu litalira, ndipo pa ichi chokha mawu a pa perete ankabwerera m'khosi mwawo.

Za banja lawo ndinene mosamala, chifukwa mwa ife Achewa mwamuna amasenza mitolo iwiri pamutu umodzi: ana a m'nyumba mwake, amene mwambo umati ndi a kwa mkazi, ndi mbumba yake, ana a alongo ake, amene amamuyang'ana iye monga mwini wawo. Amuna ambiri amatula umodzi kuti apepukidwe, ena naiwala ana awo ponena kuti ali ndi atsibweni awo, ena naiwala mbumba ponena kuti dziko lasintha. Ndipo milandu yambiri imene imafika ku mabwalo athu imaphuka pamenepa. A Meja adasenza yonse iwiri pa malipiro a boma ndi pa penshoni yosakwanira. Pakhomo pawo pankadya ana awo ndi ana a alongo awo m'mbale imodzi, fizi inkalipidwa potsata amene wakhoza mayeso, osati potsata mimba imene adatulukamo, ndipo mlendo sakadatha kuloza kuti uyu ndi wobala, uyu ndi mphwawo. Loweruka madzulo ankakhala pakhonde ndi burashi ndi kachitini ka polishi, nsapato zonse za ana zitandandalikidwa patsogolo pawo, akuzipukuta imodzi imodzi kukonzekera ku tchalitchi, kwinaku akufunsa mwana aliyense zimene waphunzira sabata imeneyo. Ndipo pamene amayi aja adagwidwa ndi matenda aatali, nagonekedwa ku chipatala cha St Andrew's pano pa Mtunthama, anthu adaona mwamuna amene adalamulirapo gulu la nkhondo akupalasa njinga m'bandakucha ndi phala m'kontena, ndipo atabwerera nawo kunyumba, akutunga madzi pa mjigo pakati pa amayi ndi kuchapa zofunda kuseri kwa nyumba. Alongo awo adadandaula kuti akuwachititsa manyazi, ngati kuti pamudzi palibe akazi. Iwo adangoyankha kuti, "Mayi awa adandilondera nyumba ine ndili kutchire, tsono yafika nthawi yanga ya ulonda."

Musayese kuti ndikujambula mngelo. Adali munthu wouma pa nthawi, wosachedwa kukalipa mwana akazengereza, ndipo ana awo aakulu, amene adakula m'masiku a yunifolomu, adawaopa kwambiri koposa kuwazolowera. Kufatsa kumene zidzukulu zidakudziwa kudadza mochedwa, ndipo iwo eni ankavomera kuti adakuphunzira kwa akazi awo. Za ku Mozambique sankanena, ngakhale kwa mbusa, ndipo a m'nyumba ankawamva usiku wina akudzuka ndi kuzungulira mpanda, tulo titawathawa. Tidziwanso tonse kuti si onse obwera ku usilikali amene adapambana nkhondo yachiwiri ija. Alipo amene adasandutsa nyumba zawo barakisi, mkazi ndi ana nakhala ngati akaidi. Alipo amene ndalama yopumira idathera m'mabotolo chaka chisanathe. Ndipo sindiwaweruza msanga, pakuti tidawatuma kukaona zoopsa m'dzina lathu, ndipo pobwera palibe adawafunsa chimene chidatsalira m'mitima mwawo. Malembo amatiuza za kenturiyo wa ku Kapernao, amene adazindikira ulamuliro wa Ambuye chifukwa iye mwini adali womvera akulu ake asanakhale wolamulira ang'ono ake, ndiponso amene adadzichepetsa kukapempha chithandizo chifukwa cha wantchito wake wodwala. A Meja ankaikonda nkhani imeneyo, ndipo pa maliro awo mlaliki sadavutike kusankha mawu.

Ntchito yawo yotsiriza idali ya pa pepala. Podziwa zimene zimachitika m'midzi yathu mwamuna akangotseka maso, abale kufika ndi ngolo maliro asanaikidwe, kuzula malata ndi kutenga ng'ombe, mkazi wamasiye nabwezedwa kwawo ndi mphasa yokha, iwo adalemba wilo akali ndi mphamvu, nasonkhanitsa ana, mbumba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi nyakwawa, nawauza pamaso pa onse chimene chili cha yani, kuti pasadzakhale wonena kuti sadamve. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana, ndipo limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Koma lamulo lili ku Lilongwe, ndipo ngolo imafika pakhomo msanga kuposa wapolisi. Chimene chidatchinjiriza amayi aja ndi mawu onenedwa pabwalo mwini wake akali moyo. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto uwu adauzima usanayake.

Dziko lonse lidaona mu 2019 mkazi wa malemu Chancy Chitete akulandira mendulo yapamwamba ya United Nations ku New York, mwamuna wake atafa ku Congo mu Novembala 2018 populumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania, pa nkhondo imene idatenganso Amalawi ena. Tidanyadira, ndipo tidayenera kunyadira. Koma amayi otere alipo ambiri m'midzi ya Kasungu amene sadzakwera ndege, ndipo ulendo wawo ndi wa pa minibasi, atanyamula mapepala m'jumbo, kukatsata ndalama za amuna awo kuchoka pa zenera ili kunka pa zenera ilo. Ndipempha inu ogwira ntchito m'maofesi amenewo, kuti mayi wotere akaima pamaso panu musamuuze kuti abwere mwezi wamawa musanatsegule fayilo. Ndipemphanso bungwe la asilikali opuma la VELOM, limene limayang'anira okalamba a ku Memorial Homes ku Zomba ndi kugulitsa maluwa ofiira m'mwezi uno, kuti maso ake afike ndi kuno kumidzi. Ndipo inu aphunzitsi a mbiri m'sukulu za sekondale za Kasungu, asilikali a ku Burma atsala pang'ono kutha, ndipo a ku Nacala imvi zawayera. Tumizani ophunzira anu ndi makope kwa amene akali moyo, akakhale pansi mwaulemu, akafunse ndi kulemba, ndipo akamaliza ndi bambo akafunsenso mayi.